Ahedi, umu ndi mmene mungapatsire aphunzitsi mphamvu osati kungowasenzetsa ntchito

Izi ndikulembera aliyense amene akutsogolera anzake pasukulu, kaya ndinu ahedi, kaya adeputi, kaya mukungoyang'anira dipatimenti ya masamu yokhala ndi aphunzitsi atatu basi. Kumupatsa mphunzitsi mphamvu sikumuwonjezera ntchito ayi. Ndikumupatsa gawo loti azigamula yekha, nkumupatsanso nthawi ndi zipangizo, kenako inuyo nkudzigwira osalowerera. Ahedi ambiri kugawa ntchito amakutha bwino zedi, mpaka mphunzitsi aliyense ali m'makomiti atatu, koma chiganizo chilichonse chimabwererabe pa tebulo lawo, ndiye madzulo nkumadandaula kuti sitafu yanga ndi yaulesi palibe amene amayamba chinthu payekha. Nanga ayamba bwanji poti akudziwa kuti mawa mudzachisintha?

Mu 2004 Kenneth Leithwood ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mothandizidwa ndi bungwe la Wallace Foundation ku America, ndipo anapeza kuti pa zinthu zonse zochitika pasukulu zimene zimakhudza kakhozedwe ka ana, utsogoleri uli pa nambala 2, patsogolo pake pali kaphunzitsidwe ka m'kalasi. Ndiye taganizani, hedi safika kwa mwana aliyense yekha, amadzera mwa mphunzitsi. Mphunzitsi akakhala wofooka mtima, woopa, wongodikira kuuzidwa, utsogoleri wanu wonse umathera pakhomo la ofesi.

Tiyeni tione poyambira.

Choyamba, sankhani mfundo zochepa ndipo muziyese pa zochita zanu

Sukulu zambiri zili ndi mawu okongola pakhoma, chilungamo, ulemu, kulimbikira, umodzi, mantha ndi Mulungu, mndandanda wautali woti ngakhale ahedi omwe sangaumalize pamtima. Inu sankhani zitatu zokha. Zitatu munthu amakumbukira ngakhale atakwiya, ndipo nthawi yokwiyayo ndi imene mfundo zimafunika.

Mukasankha, mfundo iliyonse muisandutse chinthu chooneka ndi maso. Mwati chilungamo? Tengani taimutebulo muone kuti ndani ali ndi mapiriyodi ochuluka, ndani amaphunzitsa piriyodi yomaliza tsiku lomaliza la sabata ana atatopa kale, ndani anapatsidwa kalasi yovuta ija imene aliyense amaithawa. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi mphunzitsi watsopano amene sanathe kukana. Onaninso kuti mwayi wopita ku mawekishopu umagwera anthu ati, ngati chaka chilichonse ndi nkhope zomwezo ndiye kuti mawu a chilungamo ali pakhomawo akuseketsa anthu mu sitafu rumu inu osadziwa. Mwati kusunga nthawi? Mitingi yanu iyambe pa nthawi imene munanena olo patakhala anthu anayi okha. Mwati ulemu? Musadzudzule mphunzitsi ana akuona, ngakhale walakwa chotani.

Kenako tengani kabuku mulembe zimene mukuchita ola lililonse kwa sabata imodzi, osanama. Pamapeto pake werengerani kuti maola angati apita ku mafomu ndi malipoti, angati ku milandu ya ana, angati kolandira alendo, ndipo angati mwakhala ndi aphunzitsi kukambirana za kuphunzitsa. Zimene mupeze pamenepo ndiye mfundo zanu zenizeni, ndipo sitafu yanu inazidziwa kalekale.

Chachiwiri, mverani kaye musanasinthe kanthu

Kumanani ndi munthu aliyense payekha, mphindi 15 kapena 20 zikwana. Osati mu ofesi yanu inu muli kuseri kwa tebulo lalikulu ayi, pitani ku kalasi kwake ana akatuluka, kapena khalani naye panja. Mafunso ake safuna kuchuluka: n'chiyani chikuyenda bwino pano choti ndisachikhudze, n'chiyani chimakutayitsani nthawi, ndipo mukanakhala pa mpando wangawu mukanayamba kukonza chiti. Funsani, khalani chete, lembani. Musadziteteze, musafotokoze chifukwa chake zinthu zili choncho, chifukwa mukangoyamba kufotokoza munthu uja atseka pakamwa nkumangoti chabwino bwana. Musaiwale alonda, akalaliki, oyang'anira laibulale ndi osesa, iwowa amaona zinthu zimene aphunzitsi saona, amadziwa ana amene amafika m'mawa kwambiri chifukwa kunyumba sikuli bwino, amadziwanso chitseko chimene sichitsekeka kuyambira chaka chatha.

Mukamaliza bweretsani zonse ku mitingi popanda kutchula dzina la munthu, munene kuti izi ndi zimene ndamva, izi ndikonza mwezi uno, izi zikufuna tonse, izi sindingathe ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ndiye konzanidi chimodzi msanga, kaya ndi chaching'ono ngati kuchepetsa fomu imene anthu amalemba kawiri. Anthu akaona kuti kulankhula kwawo kwabala kanthu, ulendo wina adzakuuzani zazikulu.

Apa ndi pamene kukhulupirirana kumayambira, ndipo musakuone ngati nkhani yofewa yongosangalatsa mitima. Anthony Bryk ndi Barbara Schneider anatsatira sukulu za pulayimale mazana angapo mu mzinda wa Chicago m'zaka za m'ma 1990, ndipo anapeza kuti pofika 1997 sukulu zimene akuluakulu ake amakhulupirirana kwambiri, imodzi mwa ziwiri zilizonse inali m'gulu la sukulu zimene ana akupita patsogolo pa kuwerenga ndi masamu, pamene kwa zimene kukhulupirirana kunali kochepa kwambiri inali imodzi yokha mwa 7. Iwo anati anthu amakuyesani pa zinthu zinayi: ngati mumawalemekeza ndi kuwamvera, ngati ntchito yanu mumaidziwa, ngati mumasamala za iwo ngati anthu, komanso ngati mawu anu ndi zochita zanu zimagwirizana. Chachiwiricho anthu amachidumpha. Mutha kukhala hedi wansangala wopatsa moni aliyense, koma ngati mabuku amafika mochedwa teremu iliyonse chifukwa inu munaiwala kutumiza fomu, sakukhulupirirani.

Chachitatu, nenani poyera kuti chiganizo chiti ndi cha ndani

Gawo ili ndiye mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi limene limawawa.

Tengani pepala mulembe ziganizo zonse zimene zimapangidwa pasukulu pa teremu imodzi, kuyambira kagawidwe ka makalasi, masiku a mayeso a pakati pa teremu, mabuku oti agulidwe, kagwiritsidwe ntchito ka bajeti ya dipatimenti, chilango cha mwana wochedwa, ulendo wa ana, mpaka kakhalidwe ka madesiki m'kalasi. Mudabwa kutalika kwake. Kenako muzigawe patatu.

Gulu loyamba ndi zanu nokha. Izi ndi zimene lamulo linaika pamutu panu, monga chitetezo cha ana, kusaina ndalama, nkhani za mwambo wa ogwira ntchito, kusunga chinsinsi cha mayeso. Musachite manyazi kunena kuti izi sitivota. Gulu lachiwiri ndi zimene mufunsa maganizo koma womaliza ndinu, mwachitsanzo taimutebulo, poti aliyense amakokera kwake ndipo pamafunika munthu mmodzi woona sukulu yonse. Gulu lachitatu ndi zawo, agamule okha, inu angokudziwitsani. Mmene dipatimenti ikonzere mayeso ake a pamwezi, njira yophunzitsira mutu wina wake, mmene agwiritsire ntchito kandalama kamene kaikidwa pa dipatimenti yawo, pulogalamu ya makalabu.

Mukagawa yang'anani gulu lachitatulo. Ngati muli zinthu zokhazokha zopanda pake monga mtundu wa makatani a mu sitafu rumu, bwererani mukasamutse zina zolemera kuchokera m'magulu awiri aja. Funso lodzifunsa ndi ili: munthuyu akagamula mosiyana ndi mmene ndikanachitira ine, mwana avulala? Lamulo lithyoledwa? Ndalama zitayika zosabwezeka? Ngati yankho ndi ayi konseko, chimene chikukuletsani ndi mtima wofuna zinthu zichitike mwanjira yanu basi.

Ndipo chonde, nkhani iliyonse mukaibweretsa ku mitingi nenani koyambirira kuti ili m'gulu liti. Palibe chimene chimapha sitafu ngati kufunsidwa maganizo pa nkhani imene ahedi anagamula kale, anthu akambirana ola lathunthu mpaka kutsutsana, kenako inu nkutulutsa pepala lotayipa kale dzulo. Kuli bwino kungonena kuti izi ndagamula ndipo zifukwa zanga ndi izi, anthu akhoza kunyinyirika koma sakuonani ngati wachinyengo. Edward Deci ndi Richard Ryan, akatswiri a za maganizo a anthu amene akhala akufufuza zimene zimamupatsa munthu chidwi chochokera mumtima, amati munthu amafuna zinthu zitatu: kumva kuti ali ndi ufulu wosankha, kumva kuti ntchito akuitha, ndi kumva kuti ali pamodzi ndi anzake. Kufunsa kwachiphamaso kuja kumaononga choyamba ndi chachitatu nthawi imodzi.

Chachinayi, popereka ntchito perekani yonse

Tiyerekeze mukufuna mphunzitsi wina atsogolere pulogalamu yothandiza ana amene akuvutika kuwerenga. Musamuimitse pakhonde nkumuuza kuti madamu muione nkhani imeneyi. Khalani pansi mugwirizane izi, ndipo zilembedwe olo pa theka la pepala.

Chimene mukufuna chioneke pamapeto, osati njira yake. Munene kuti pofika kumapeto kwa teremu tikufuna tidziwe ana onse amene sangathe kuwerenga ndime ya msinkhu wawo ndipo aliyense akhale ali pagulu lothandizidwa. Njira asankhe yekha. Kenako malire: ndalama zingati angagwiritse ntchito osakufunsani, ndi zinthu ziti zimene ayenera kubwera kwa inu kaye, monga kulembera makolo kalata kapena kusunga ana nthawi yoweruka itakwana. Kenako nthawi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera. Ngati mwamuwonjezera ntchito, muchotsereni ina, kaya piriyodi imodzi pa sabata, kaya dyute ina yake, kaya komiti imene amangokhalamo kukwaniritsa nambala. Mukapanda kutero ndiye kuti mukulanga munthu chifukwa cholimbikira, ndipo anzake aphunzirapo kuti njira yopulumukira ndi kuoneka wosatha kanthu. Pomaliza gwirizanani masiku okumana, mwina kamodzi pa masabata awiri, kuti musamamufunse tsiku lililonse kuti zili pati.

Mukatero lengezani pamaso pa sitafu yonse kuti nkhani iyi ili m'manja mwa uyu, ndipo zimene anene pa nkhaniyi zili ngati ndanena ine. Mayeso anu enieni abwera pasanathe sabata. Mphunzitsi wina wamkulu, mwina amene anayamba ntchito inu musanayambe, adzamulambalala nkubwera kwa inu kuti ahedi, zija akunena mwanayu sizitheka, inu mukuti bwanji? Mukangoyankha pamenepo mwamulanda mphamvu zonse munthu uja. Yankho lake ndi loti mwakambirana naye kale? Pitani mukambirane, zikavuta mubwere nonse awiri. Chimodzimodzi kholo likabwera molunjika kwa inu.

Palinso msampha wina, mwini ntchitoyo kubweza ntchito kwa inu mochenjera. Amabwera nkuti pali vuto lakuti lakuti, inu chifukwa chozolowera nkuti isiyeni ndiiona, basi ntchito yabwerera pa tebulo lanu. M'malo mwake mufunseni kuti inu mukuganiza kuti tichite bwanji, mwayesapo chiyani, mukufuna chiyani kwa ine. Atuluke ndi ntchito yake. Kupatsa munthu njinga inu nkumagwirabe chiwongolero, mugwa nonse awiri.

Ndipo akachita mosiyana ndi mmene mukanachitira koma zotsatira zikubwera, lumani lilime.

Chachisanu, konzani mitingi

Zolengeza zonse, masiku otsekera, madeti opereka masikimu, ndani ali pa dyute, zipite pa bolodi kapena pa gulupu ya WhatsApp. Anthu ophunzira safunika kuwasonkhanitsa kuti muwawerengere zimene akanawerenga okha. Ajenda ituluke tsiku limodzi kapena awiri mitingi isanachitike, ikhale ndi nkhani ziwiri kapena zitatu, ndipo imodzi ikhale yokhudza kuphunzira kwa ana. Wotsogolera mitingi azisinthana. Pa nkhani yofuna maganizo inu lankhulani pomaliza, chifukwa mukayamba inu ena onse angovomereza. Kuti a phee aja nawonso amveke, apatseni anthu mphindi zitatu akambirane awiriawiri kaye. Maminitsi asakhale nthano, angonena chochita, wochita ndi tsiku, ndipo mitingi yotsatira iyambire pomwepo. Gulupu ya WhatsApp ija muiikire malire, meseji ya ntchito ya 10 koloko usiku ingadikire m'mawa.

Chachisanu ndi chimodzi, phunzirani nawo limodzi

Viviane Robinson wa ku University of Auckland ku New Zealand pamodzi ndi anzake anaunika kafukufuku 27 mu 2008 kuti aone kuti ndi zochita ziti za atsogoleri a sukulu zimene zimasintha kwambiri kakhozedwe ka ana. Pa zinthu zisanu zimene anapeza, chimene chinaposa zonse, ndipo chinaposa patali, ndi mtsogoleri kulimbikitsa maphunziro a aphunzitsi iye mwini nkumatenga nawo mbali. Osati kutsegulira wekishopu ndi mawu ochepa nkuthawira ku ofesi, koma kukhala pansi ndi kope ngati wina aliyense. Mukakhala nawo mumadziwa chimene mukuwapempha kuti achite kulemera kwake, ndipo aphunzitsi amaona kuti kusadziwa chinthu si manyazi.

Njira yosafuna ndalama zambiri ndi imene aphunzitsi a ku Japan akhala akuchita kwa zaka zoposa 100, yofufuza phunziro limodzi pagulu. Imayenda chonchi. Aphunzitsi atatu kapena anayi asankhe mutu umene ana amavutika nawo chaka ndi chaka, tinene kuphatikiza mafulakishoni. Akonze lesoni pulani imodzi pamodzi, ndipo pokonzapo alosere kuti ana akalakwitsa pati, akayankha zotani. Mmodzi akaphunzitse, enawo akhale m'kalasi koma maso awo asakhale pa mphunzitsi, akhale pa ana, aliyense asankhe ana awiri kapena atatu aziona zimene akulemba ndi kumva zimene akunong'onezana. Tsiku lomwelo akumane, woyamba kulankhula akhale amene anaphunzitsa, kenako enawo anene zimene anaona kwa ana. Akonzenso phunzirolo, wina akaliphunzitse ku kalasi ina. Ubwino wake ndi woti phunzirolo ndi la gulu lonse, likalephera palibe woloza chala. Ntchito yanu ngati hedi ndi kupeza nthawi pa taimutebulo yoti anthuwa akumane ndi woti agwire makalasi awo akamaonerera, ndipo ngati mukuphunzitsabe, dziperekeni kukhala woyamba kuonereredwa. Kamodzi pa teremu pa dipatimenti iliyonse ndi poyambira pabwino.

Pa nkhani yoyendera makalasi samalani. Jason Grissom, Susanna Loeb ndi Benjamin Master anatsatira ahedi a ku Miami-Dade ku America kuona mmene amagwiritsira ntchito nthawi yawo, ndipo mu 2013 anatulutsa zoti nthawi imene ahedi amathera pongolowa m'makalasi kusuzumira nkutuluka sinkayenda limodzi ndi kukhoza kwa ana, penanso zinkaoneka kuti zikubwerera m'mbuyo, pamene nthawi yothera pothandiza mphunzitsi payekha kukonza kaphunzitsidwe kake inkayenda limodzi ndi kupita patsogolo. Ine sizindidabwitsa. Kulowa ndi fayilo, kukhala kumbuyo nkhope ili gwa, kutuluka osanena kanthu, mphunzitsi amangoona kuti wapolisi wadutsa. Ngati mwalowa m'kalasi, mukumane naye pasanathe masiku awiri. Yambani ndi kumufunsa kuti amafuna ana atuluke akudziwa chiyani ndipo akuona kuti zinatheka bwanji. Nenani zimene munaona osati maganizo anu pa iye, mwachitsanzo kuti pa mafunso 12 amene munafunsa, 9 anayankha ana a kutsogolo. Gwirizanani chinthu chimodzi chokha choti ayese sabata yamawa, chaching'ono chooneka, monga kudikira masekondi angapo asanasankhe woyankha. Chimodzi, osati khumi. Ndiye mubwerenso kudzaona chomwecho. Ndipo musasakanize ulendo wothandiza ndi ulendo wolemba lipoti la kagwiridwe ka ntchito, munthu azidziwa kuti lero ahedi abwera ndi chipewa chiti.

Zimenezi phindu lake limachedwa koma limakula. Matthew Kraft ndi John Papay mu 2014 anaona aphunzitsi a ku Charlotte-Mecklenburg ku North Carolina, ndipo anapeza kuti patatha zaka 10, amene ankagwira ntchito m'sukulu zothandizana bwino luso lawo linakula ndi 38 peresenti kuposa la anzawo a m'sukulu zosathandizana. Mphunzitsi yemweyo, ndi satifiketi yomweyo, amakula kapena kuima malinga ndi malo amene mwamukonzera.

Chachisanu ndi chiwiri, mmene mumalandirira nkhani yoipa

Amy Edmondson wa ku Harvard atafufuza magulu a anamwino m'zipatala m'zaka za m'ma 1990 anapeza chinthu chimene sanayembekezere, magulu otsogoleredwa bwino ndi amene ankaoneka ndi zolakwa zambiri m'mabuku. Atafufuza anaona kuti sikuti ankalakwitsa kwambiri, koma ankaulula, pamene m'magulu a mantha anthu ankabisa. Kusukulu n'chimodzimodzi. Ngati kwa teremu yonse palibe amene wabwera kudzakuuzani kuti ahedi ndasokoneza, musasangalale.

Mphunzitsi akabwera kuti ndalakwitsa polemba malikisi ndipo malipoti apita kale kwa makolo, mawu anu oyamba ndi amene sitafu yonse imve pofika nthawi ya buleki. Yambani ndi kuthokoza kuti wanena msanga. Kenako tikonza bwanji lero. Funso loti zinachitika bwanji libwere pambuyo, ndipo lifunsidwe mofuna kupeza pamene dongosolo linaboola, mwina munthu mmodzi amalemba malikisi a ana mazana popanda wina woonanso. Kunja, kwa makolo ndi kwa akuluakulu a maphunziro, cholakwacho chisenzeni inu, musapereke dzina la mphunzitsi ngati chishango chanu.

Koma tisasokoneze zinthu. Kulakwitsa poyesa njira yatsopano ndi kwina, kuchitira mwana nkhanza, kugona ndi mwana wa sukulu, kubera mayeso kapena kudya ndalama za sukulu ndi kwinanso. Zimenezi sizikambidwa mwachinsinsi kuti titetezane, zimapita kumene malamulo akunena tsiku lomwelo, olo wochitayo akhale mnzanu wapamtima kapena mphunzitsi amene ana ake amakhoza kuposa onse.

Chachisanu ndi chitatu, musathawe munthu amene sakugwira ntchito

Ahedi ena amaganiza kuti kupatsa anthu mphamvu ndiye kuti aliyense azichita zofuna zake. Ayi. Amene amajomba, amene makope a ana sachonga mwezi wathunthu, anzake amamuona, ndipo amaonanso kuti inu mukuyang'ana kumbali. Choipa kwambiri ndi kukalipira sitafu yonse pa mitingi chifukwa cha munthu mmodzi, olimbikira amakhumudwa, mwini wakeyo amaganiza kuti akunena wina.

Muitaneni payekha. Nenani zimene mwaona ndi masiku ake, kuti sabata ino Lolemba ndi Lachitatu kalasi yanu inakhala yopanda mphunzitsi piriyodi yoyamba. Funsani chikuchitika n'chiyani ndipo mumve, pena mupeza matenda, ngongole, kapena munthu anapatsidwa phunziro limene sanaliphunzire ndipo akuchita manyazi kunena. Gwirizanani chimene chisinthe, thandizo limene mupereke ndi tsiku lodzaonanso. Lembani. Zikapanda kusintha tsatirani ndondomeko ya mwambo mmene ilili, osadumpha sitepe komanso osaopseza zimene simungachite.

Chomaliza, yamikirani, lerani ena, kenako dziyeseni

Kuyamikira kukhale kolunjika. Mawu oti mukugwira ntchito yabwino nonse samukhudza aliyense, koma kunena kuti ndaona mmene mwamubwezera m'kalasi mwana uja anasiya sukulu, munthu amakumbukira zaka. Alendo akabwera kudzaona pulogalamu imene yayenda bwino, aitaneni eni ake afotokoze okha inu mukhale pambali. Dziwaninso anthu anu, ena kuwatchula pagulu amasangalala, ena amachita manyazi ndipo kakalata kakang'ono kamawakwanira.

Mphunzitsi watsopano mupatseni mnzake womuyang'anira amene amaphunzitsa phunziro lofanana, ndipo akhale munthu woti akufunadi, azikumana sabata iliyonse teremu yoyamba. Adeputi anu musawasandutse wa milandu ya ana basi, aonetseni bajeti, apite nawo ku misonkhano ya komiti ya makolo, nthawi zina akaimire sukulu m'malo mwanu. Wina akakula mpaka kukwezedwa kupita kwina musamutsekereze, mulembereni kalata yabwino.

Kumapeto kwa teremu chitani zinthu ziwiri. Gawani timapepala topanda mayina tokhala ndi mafunso atatu: ndipitirize chiyani, ndisiye chiyani, ndi chiganizo chiti chimene chili kwa ine koma chikanayenera kukhala kwa inu. Wosonkhanitsa akhale wina osati inu, ndipo zotsatira zake muziwerenge pa mitingi yotsegulira teremu yotsatira, kuphatikizapo zowawa zomwe. Chachiwiri, tsiku limene mwachoka pasukulu kupita ku msonkhano, auzeni adeputi kuti aimbe pokhapokha pakhale ngozi, ndipo mukabwerako lembani nkhani zonse zimene zinaima kudikira inu. Tengani mndandandawo muuike pambali pa pepala lija la magulu atatu, muone kuti ndi ziti mwa nkhanizo zimene teremu ikubwerayi zisamukire ku gulu lachitatu, ndipo pambali pa iliyonse mulembe dzina la munthu amene mukaipereke kwa iye sabata yoyamba.